Malalanje amene ndinabisa pa geti la ku chigwa

Ntchito ya ku kampu ya nyama ndinaipeza chifukwa cha kalata ya dona amene ndinawaphikira zaka zambiri ku Mabelreign. Ufulu utabwera, iwo ndi amuna awo analongedza n'kupita kumwera, monga ankachitira azungu ambiri masiku amenewo, ine n'kundisiyira mapoto awiri ndi kalata yonena kuti ndimadziwa kuphika. Miyezi yomweyo fakitale ya ku Lochinvar kumene ankagwira ntchito amuna anga, abambo ake Agnesi, inachepetsa anthu, iwo n'kukhala m'gulu la ochotsedwa. M'nyumba mwathu ku Dzivarasekwa tinalimo asanu, wapantchito panalibe. Ndiye mnzanga wa kutchalitchi atandiuza kuti azungu ena atsegula kampu ya alendo odzaona nyama ku chigwa cha Zambezi ndipo akusowa wophika, sindinafunse kawiri. Kalata inapita, yankho linabwera: ndikafike ku Karoi Lachinayi masana, lole ya kampu ikanditenga pa sitolo yaikulu. Akandiyesa mwezi umodzi. Ndikalakwitsa, ndibwerera kwathu.

Ine ndinabadwira pa famu ya fodya, makolo anga a ku Dedza, koma musandiyese munthu wodziwa tchire. Nyama yaikulu imene ndinali nditaionapo ndi maso inali ng'ombe. Sabata yonseyo ndinkaopa, koma ndikayang'ana ana anga atatu ndinkadziuza kuti mantha sadyedwa, ntchitoyi ndiyenera kuigwira basi.

Lachinayi ndinakwera basi yoyamba kupita ku Mbare Musika, kuli chisanu cholasa zala. Apongozi anga ankagulitsa zipatso pa Musikapo, ndiye anali atafika kale. Anandikokera pa benchi lawo n'kuyamba kusankha malalanje a ku Mazowe, kulifinya lililonse, kulinunkhiza, ena kuwabweza. Anasankha khumi ndi awiri, anamanga mu chitenje mfundo ziwiri, n'kundipatsa ndi manja onse. Anati kumene ndikupitako n'kotentha, ndizikanyowetsa kukhosi. Kwathu kamba wa paulendo sakanidwa, ndiye akachokera m'manja mwa apongozi ungayambire pati? Ndinagwada, ndinalandira, ndinalowetsa mfundoyo m'thumba la mabulangete.

Basi ya ku Karoi inali italiza kale injini ngati ikunyamuka, koma tinakhala momwemo maola awiri kudikira kuti idzaze. Kondakitala anafuna ndilipire thumba langa payekha ngati ndi munthu. Tinakanganapo, ine ndi Chishona changa cha m'lokeshoni, iye akuti thumbalo latenga malo a mbuzi. Ndinapambana, koma anandibwezera pondikhazika kumbuyo pamwamba pa tayala. Pambali panga panali bambo wina wachikulire wopanda zala ziwiri. Atamva kumene ndikupita anagwedeza mutu n'kundiuza kuti iye anagwirako ntchito yokonza misewu ku chigwako. Anati mabomba okwirira a nthawi ya nkhondo sanachotsedwe onse, mikango imanunkhiza munthu ali m'tenti, ndipo ng'ona za mu Zambezi sizisankha wachapa kapena watunga. Ankanena zonsezi modekha, akutafuna chimanga chokazinga, ngati akundiuza mtengo wa tomato. Ndinafuna kumupempha akhale chete, koma makutu ankafunabe kumva.

Titangodutsa Banket kunamveka phuu! pansi pa mpando wanga penipeni. Anthu tonse m'basimo tinadzigwetsa pansi. Azimayi, azibambo, ngakhale kondakitala wamwano uja, tonse mitu pansi pa mipando, manja kumutu. Panalibe amene analira. Tinangokhala zii, kudikira kuwomba kwachiwiri monga tinaphunzirira nthawi ya nkhondo. Kenako dalaivala anatukwana n'kunena kuti ndi tayala laphulika. Tinadzuka mmodzimmodzi tikusasa fumbi, tikuseka mwamanyazi osayang'anana. Nkhondo inali itatha, koma m'matupi mwathu inali isanatuluke.

Kusintha tayalako kunadya ola lathunthu chifukwa jeke anachita kubwereka kwa lole yodutsa. Ku Chinhoyi dalaivala anasowa, akuti wapita kukamwa tiyi kwa achibale. Ine ndikungoyang'ana dzuwa. Pamene tinkafika ku Karoi nthawi ya nkhomaliro inali itapita kale, ndipo pa sitolo yaikulu ija panalibe lole iliyonse. Ndinakhala pa thumba langa pakhonde. Ndinayamba kukonza mawu okawauza abambo ake Agnesi, kuti ntchito yatha ndisanaione n'komwe.

Ndili pomwepo inatulukira lole yobiriwira yokalamba, migolo yopanda kanthu ikuphokosera kumbuyo. Anatsikamo bambo wamfupi, wa imvi m'mbali, n'kufunsa m'Chishona ngati ndine wophika. Nditatchula dzina la mfunda wanga anaseka n'kusintha chilankhulo pomwepo. Anali a Mbewe, kwawo cha ku Katete ku Zambia, banja lawo ku Mbare. Mtima unakhalako pansi kumva chilankhulo cha kwathu kutali konseko. Anapepesa kuti achedwa ku dzala la tauni kumene amakataya zinyalala za kampu. Ndinayesa sindinamve bwino. Ulendo wa tsiku lathunthu kunyamula zitini ndi mabotolo, tchire lonselo lilipo? Iwo anati ku kampuko sakwirira kanthu, satentha kanthu kupatula mapepala, chifukwa afisi amafukula, amatafuna zitini n'kuchekeka m'kamwa. Chilichonse cholowa m'chigwa chimatuluka pa lole yomweyo. Ndinangoti azungu ndi zochita zawo, koma chamumtima.

Tinakweza matumba a ufa, shuga, mafuta ndi parafini mothamanga, popeza geti la ku chigwa limatsekedwa dzuwa likapendeka. Thumba langa analiponya pakati pa ufawo, anakuta zonse ndi lona, anamanga zingwe. Ine ndinakhala kutsogolo. Mpaka ku Makuti ankandiuza malamulo a kumeneko: mtengo wauwisi sadula, nkhuni n'zogwa zokha ndipo zamphako amazisiya chifukwa mumakhala tizilombo; madzi a sopo sathira pafupi ndi mtsinje; mpanda kulibe, nyama zimadutsa pakati pa matenti; mvula ikayamba amazula kampu yonse osasiya ngakhale msomali. Mawu akuti mpanda kulibe ndi amene anandikhala pamtima. Titayamba kutsika phiri la ku chigwa, msewu ukupindika ngati njoka, ndinaona mitembo ya malole m'maphompho, ndipo ndinatseka maso mpaka pansi.

Pansipo kutentha kunatilandira ngati watsegula uvuni. Tinasiya msewu wa tala n'kulowa msewu wafumbi, ndipo posakhalitsa tinafika pa geti. Poyamba anabwera munthu wa kaukonde kakang'ono, kuzungulira lole kufunafuna ntchentche za kashembe. Kenako anatuluka mlonda wa nyama, yunifolomu ya khaki, nsapato za jombo, mfuti paphewa. Analemba nambala ya lole, anacheza pang'ono ndi a Mbewe, n'kuzungulira kubwera ku windo langa.

"Mune michero here, amai? Maranjisi?" Ankafunsa ngati ndili ndi zipatso, makamaka malalanje.

"Hapana," ndinatero. Palibe.

Mawuwo anatuluka okha ndisanaganize. Muyenera kumvetsa. Nthawi ya nkhondo, ndikamapita kukaona mayi anga ku famu, pamsewu pankakhala asilikali otchinga njira. Ukavomera kuti wanyamula chakudya ankati ukukadyetsa anyamata a m'tchire omenyera ufulu. Ankakhuthula shuga pansi, nthawi zina kukutsitsa basi n'kukusiya. Tonse tinaphunzira kuti munthu wa mfuti akafunsa chimene wanyamula, yankho ndi limodzi. Mlonda uja anali waulemu, anandipatsa moni ngati mayi ake, koma ine ndinangoona mfuti ndi jombo.

Geti litatsekeka kumbuyo kwathu ndinafunsa a Mbewe, ngati ndikungocheza, chifukwa chimene amafunsira zipatso. Anati njovu imamva fungo la lalanje ili kutali, ndipo ikalimva siiona galimoto kapena tenti, imang'amba mpaka italipeza. Choipa kwambiri n'chakuti ikalawa kamodzi siiwala. Imayamba kuimitsa galimoto iliyonse, ndipo njovu yotero mapeto ake alonda amaiwombera. Anawonjezera kuti wophika amene ndikukalowa m'malo mwakeyo anachotsedwa tsiku lomwelo atapezeka akuponyera anyani makoko a buledi. Dona wa ku kampuko amakhululuka mbale yosweka, nyama yopserera, koma osati zimenezo.

Makoko a buledi okha munthu kuchotsedwa, nanga ine wa malalanje khumi ndi awiri ndi bodza pamwamba? Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma ndinaona nkhope za ana anga, ndinatsekanso. Ndinayamba kuganiza zopusa. Kuwaponya panjira? Ali pansi pa lona lomangidwa ndi zingwe. Kukawadya onse ndikafika, makoko omwe? Kukawaponya m'chimbudzi? A Mbewe ankandiloza mbawala ndi milambe, ine ndikungoti eya, eya, osaona kanthu. Chitsamba chilichonse chotuwa ndinkachiona ngati msana wa njovu. Panjira panali ndowe zazikulu ngati mitanda ya buledi, zina zikadali zonyowa.

Tinayenda choncho nthawi yaitali, lole ikunjenjemera pa msewu wa mabampu mpaka mano kuwawa. Kenako tinafika pa mtsinje wouma, wotambalala, mchenga wokhawokha. A Mbewe anasintha giya, analowa ndi mphamvu, koma pakati penipeni matayala akumbuyo anayamba kuzungulira pamodzimodzi, lole n'kukhala pansi. Anazimitsa injini. Chete amene anagwa pamenepo sindinamumvepo chibadwire, ine wozolowera mawailesi ndi agalu a ku Dzivarasekwa.

Anatsika ndi fosholo n'kuyamba kukumba. Ndinawaloza mitengo ya tsanya ya m'mphepete kuti tidule nthambi tiyale pansi pa matayala, tichoke msanga. Anakana. Anati ali ndi zitsulo zoyala pa mchenga, ndipo akadula mtengo wauwisi akaufotokoza bwanji. Ndinapsa mtima, munthu kuwerengera mtengo ife tili pakamwa pa zilombo, koma nditamva kuti zitsulozo zili pansi pa katundu ndipo ayenera kumasula lona, ndinaona mwayi. Ndinati ndiwathandiza. Maganizo anga anali oti nditulutse mfundo ija, ndinamizire kukadzithandiza kuseri kwa chitsamba, ndikaikwirire mumchenga.

Titamasula lona mbali imodzi, iwo atalowa pansi pa lole kukakumba, ndinakwera kumbuyo n'kukoka thumba langa. Fungo linandimenya kumaso. Thumba la ufa linali litagwera pamwamba pake m'mabampu muja, malalanje atatu kapena anayi anali ataphwanyika, madzi ake atanyowetsa chitenje ndi bulangete, dzuwa litawaphika tsiku lonse. Ndinalowetsa manja kuti ndimasule mfundo, madzi aja akuyenderera mpaka m'zigongono. Apongozi anali atamanga mfundo yoti isamasuke.

Ndipamene ndinamva a Mbewe akulankhula motsitsa, mawu osakwera osatsika.

"Mayi, siyani chilichonse. Tsikani mbali ino, mulowe kutsogolo. Musathamange."

Ndinatembenuka. Inali itaima pa gombe la mtsinje, pamene tinatsikira ife. Sindinaimve ikubwera, chinthu chachikulu ngati nyumba koma osathyola ngakhale kamtengo. Inali yamphongo, minyanga yachikasu, khutu limodzi long'ambika m'munsi. Chitamba inali itachikweza m'mwamba, nsonga yake ikutembenuka uku ndi uku, kenako inaloza kwa ine n'kuima.

Mmene ndinatsikira sindikudziwa. Ndinangopezeka ndili m'kati, a Mbewe atatseka chitseko pang'onopang'ono, akukweza galasi la mbali yawo. La mbali yanga linakwera theka n'kukanirira. Anandiuza ndi maso kuti ndilisiye. Njovu inatsika mumchenga mosapupuluma, inadutsa pambali pathu, kuwala konse kwa pa windo n'kutsekeka ndi khungu lamakwinya. Kenako lole inagwedezeka. Ndinamva lona likung'ambika, mgolo ukugwa n'kugubuduka, thumba la ufa likuphulika. Pa kagalasi ka kumbuyo ndinaona chitamba chikufufuza m'katundu ngati dzanja la mayi m'dengu, mpaka chinatulutsa chitenje cha apongozi anga. Inachiponda ndi phazi, inakoka, mfundo ija n'kuduka. Inatola malalanje limodzilimodzi, kuponya m'kamwa, maso atatsinzina.

Ndinkapemphera kuti ikatha ichoke. Itatha inabwera kutsogolo, mbali yanga. Chitamba chinalowa pa theka la windo lija. Chinali ndi ubweya wolimba, nsonga yonyowa, mpweya wake wotentha ukundiwomba pakhosi. Chinatsika paphewa, pamkono, n'kufika pa manja anga amene ndinawafumbata pamiyendo, aja onyowa ndi madzi a malalanje. Chinawanunkhiza, chinawakankha kuti ndifumbatule. Ndinafumbatula. Chinayenda pa chikhatho chilichonse, pakati pa zala, kufunafuna. Ndinkamva a Mbewe akunong'ona kuti musasunthe, musasunthe. Sindikanatha n'komwe. Mkodzo unatsika wokha, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndinkangoganiza kuti Agnesi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndipo sadziwa kuphikira azing'ono ake.

Kenako chitamba chinatuluka. Njovu inaima kanthawi, inapukusa makutu, n'kukwera gombe la tsidya lina, kulowa m'mitengo.

A Mbewe anatsika, anatola chitenje chong'ambikacho, anatola makoko onse amene anagwera mumchenga mpaka kakang'ono komwe, anaika mumgolo n'kutseka. Anayala zitsulo zija, lole inatuluka. Titakwera tsidya linalo ndipamene anatsegula pakamwa, maso ali panjira.

"Munati mulibe."

Ndinalira. Ndinawafotokozera za apongozi, za asilikali a pamsewu, za ana. Ndinawapempha kuti tikanene kuti njovuyo inangofuna ufa. Anapukusa mutu. Anati naonso analakwa, akanandifunsa okha ku Karoi m'chilankhulo chathu, popanda mfuti pafupi. Koma kubisa sangabise, chifukwa mawa pa mtsinje womwewo padutsa galimoto ya alendo, ndipo anthu ayenera kudziwa kuti njovuyo yalawa. Chimene akanandichitira n'chimodzi: kundisiya ndikanene ndekha iwo asanayambe.

Tinafika dzuwa likulowa. Kampu inali matenti asanu ndi limodzi pansi pa mitengo italiitali, Zambezi ali apo, mvuu zikulira. Sindinaone kukongola kulikonse. Dona anatuluka m'khitchini ya udzu, mayi wowonda wopsa ndi dzuwa, atavala kabudula ngati mwamuna. Anaona lona long'ambika ndi ufa wotayika, n'kuyang'ana a Mbewe. Iwo anayang'ana ine. Ndinaima ndi diresi yonyowa, ndinanena zonse m'Chingerezi changa cha kukhitchini, kuyambira pa Musika mpaka pa geti.

Sanakalipe. Anangofunsa kuti njovuyo inali yotani. A Mbewe atatchula khutu long'ambika, dona anakhala pa bokosi n'kugwira kumaso. Anati njovu imeneyo amuna awo anaidziwa nkhondo isanayambe, imadutsa pakati pa matenti kukadya nyemba za m'mitengo, ndipo sinakhudzepo chingwe ngakhale chimodzi. Alendo ankachokera kutsidya kwa nyanja kudzaiona. Ndinadikira kuti andiuze kuti mawa ndikwere lole yomweyo. Koma anati popeza ndanena ndekha, ndipo mawa kukubwera alendo asanu ndi atatu opanda wowaphikira, mwezi wanga woyesedwa ukhalapo. Anawonjezera kuti kuyambira tsiku limenelo katundu aliyense wolowa mu kampu ndizimusecha ndine, ngakhale wa alendo.

Ntchito ndinaipeza. Mwezi unatha, anandilemba, ana anga anadya ndipo anapita kusukulu. Ndinaphunzira kutsuka zitini n'kuziphwanya, kusefa madzi a mbale, kusesa phulusa, kutsekera chakudya m'bokosi lachitsulo. Ndinkasecha zikwama za azungu popanda manyazi, ndipo amene ankadandaula ndinkawauza kuti akafunse dona.

Koma njovu ija inayamba kudikira pa mtsinje wouma. Sabata yachiwiri inaimitsa a Mbewe n'kung'amba lona latsopano, osapeza kanthu. Kenako inaswa galasi la galimoto ya alonda. Ankaithamangitsa ndi zitini ndi kuwombera m'mwamba, imachoka, mawa yabwerera. Tsiku lililonse lole ikachedwa ndinkaima kuseri kwa khitchini kumvetsera, mtima uli m'mwamba. Mwezi wachitatu inakankha galimoto ya banja lina mpaka kuigoneka cham'mbali, muli ana awiri. Anawo anatuluka amoyo. M'mawa mwake, ndikukanda buledi, ndinamva mfuti kawiri chakumtunda.

Ku chigwako nyama yophedwa satayako kanthu, ndi lamulo lomwe lija losasiya kanthu m'tchire. Alonda anagawa, ndipo gawo la antchito a kampu yathu linabwera masana pa lole ya a Mbewe. Anatsitsa okha, anaika pa tebulo la kukhitchini kwanga, n'kuvula chipewa. Dona sanatuluke m'tenti tsiku limenelo. Wophika ndinali ine, ndiye ntchito yoilenga minzere, kuithira mchere ndi kuiyanika inali yanga. Ndinanola mpeni n'kuyamba. Nyama ya njovu ndi yolimba, ndinaidula mpaka madzulo.